Mukakayikira khansa: zoyenera kuchita kuchokera pa chizindikiro choyamba mpaka kumaliza chithandizo

Anthu ambiri amadikira ululu. Munthu wapeza kachotupa m'bere pamene akusamba, wakagwiragwira, waona kuti sikakupweteka, basi n'kungoti kadzatha kokha. Apa ndi pamene khansa imapezera mpata, chifukwa mitundu yambiri ya khansa ikamayamba sipweteka ayi. Ululu umabwera pambuyo, chotupa chitakula n'kuyamba kupanikiza mitsempha kapena chitafika m'mafupa. Choncho malangizo awa agona pa nthawi: miyezi imene imapita munthu asanafike kuchipatala, masabata amene amatha zotsatira zili phee m'kabati popanda wokazitenga, komanso chithandizo chimene chimasiyidwa panjira.

Khansa si matenda amodzi, ilipo mitundu yoposa 100. Chimene imafanana n'chakuti maselo a m'thupi, omwe amayenera kuchulukana mwadongosolo ndi kufa nthawi yawo ikakwana, amayamba kuswana osalekeza. Kenako amalowerera ziwalo zoyandikana nazo, ena n'kuyenda ndi magazi kapena kudzera m'njira za anabere kukamera kwina. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mu 2022 anthu pafupifupi 20 miliyoni anapezeka ndi khansa padziko lonse, ndipo mwa anthu 5 alionse, mmodzi adzakumana nayo pa moyo wake. Sipatsirana pogwirana chanza, podyera pamodzi kapena pogona chipinda chimodzi.

Choyamba: onani chimene chasintha, muchiwerengere masiku

Lamulo losavuta kukumbukira ndi ili: chachilendo chilichonse m'thupi chimene chatha masabata 3 osachoka, kachionetseni kwa dokotala. Koma magazi otuluka pamene sayenera kutuluka, amenewo musawawerengere masiku, pitani sabata yomweyo.

Tiyambe ndi bere. Masiku ochepa msambo utatha, imani pagalasi, manja m'chiuno, kenako muwakweze m'mwamba. Mukuyang'ana ngati bere lina lasintha kaonekedwe, ngati pali pamene khungu lalowa ngati labanthika, ngati lakhakhala ngati khungu la lalanje, kapena ngati nsonga ya bere yayamba kulowa m'kati. Mukatero gonani chagada, dzanja limodzi kumutu, ndipo ndi zala zitatu zapakati za dzanja linalo sisitani bere lonse mozungulira. Musatsine, chifukwa mukatsina bere lililonse limamveka ngati lili ndi zotupa. Fikani mpaka m'khwapa ndi pansi pa khosi. Chotupa cholimba, chosasuntha bwino, kapena madzi osakanikirana ndi magazi otuluka kunsonga ya bere limodzi, zimenezo n'zofunika kuyezedwa. Zotupa zambiri za m'bere si khansa, koma zala zanu sizingasiyanitse. Abambo nawonso musadziiwale, pakuti mwa odwala khansa ya m'mawere 100 alionse, pafupifupi mmodzi amakhala mwamuna.

Khansa ya khomo la chiberekero imadziulula ndi magazi otuluka mukatha kugonana, magazi apakati pa misambo, magazi obwera mayi atasiya kale kusamba, kapena chikazi chamadzimadzi chonunkha chimene sichikumva mankhwala. Koma pano ndinene mosabisa: kudikira zizindikiro zimenezi n'kuchedwa. Khansa imeneyi imayamba ndi kachilombo ka HPV, makamaka mitundu 16 ndi 18 yomwe imayambitsa pafupifupi 70 peresenti ya khansa zotere, ndipo imatenga zaka 15 mpaka 20 kuti ikhwime, kapena zaka 5 mpaka 10 kwa mayi amene chitetezo chake chatsika. Zaka zonsezo pakhomo la chiberekero pamakhala pataoneka kale kusintha kumene kungachizidwe tsiku limodzi. N'chifukwa chake WHO imalangiza kuti amayi aziyezedwa kuyambira zaka 30 ngakhale akumva bwinobwino, ndipo amene ali ndi HIV ayambe ali ndi zaka 25 n'kumabwereza zaka 3 mpaka 5 zilizonse, popeza chiopsezo chawo n'chachikulu kuwirikiza ka 6. Atsikana azaka 9 mpaka 14 ali ndi katemera wa HPV.

Zina zonse tizidutse mofulumirirapo. Chakudya cholimba chikamakakamira pachifuwa, mawa zofewa zomwe n'kuyamba kuvuta, thupi likutha, ganizirani za kummero. Magazi m'chimbudzi, kudzimbidwa kosinthana ndi kutsegula m'mimba kwa masabata angapo, kapena kuchepa magazi kosadziwika chifukwa chake, zimafuna kuunika matumbo, ndipo musafulumire kunena kuti ndi mudzi chabe. Mkodzo wamagazi wosapweteka ungachokere ku chikhodzodzo kapena impso, makamaka kwa osuta fodya ndi amene anadwalapo likodzo kwa nthawi yaitali. Chifuwa chosatha, makhololo amagazi ndi mawu osasa zimaloza ku mapapo ndi kholingo. Maso achikasu ndi mimba yotupa zimaloza ku chiwindi, makamaka kwa amene ali ndi hepatitis B kapena C. Zigamba zakuda kapena zofiirira pakhungu, m'kamwa kapena m'miyendo yotupa zikhoza kukhala Kaposi sarcoma, yomwe imakonda anthu amene chitetezo chawo chatsika. Mwanabere wosapweteka amene akungokula, kuphatikiza thukuta lausiku lonyowetsa zofunda ndi kuonda, ndi zina mwa zizindikiro za lymphoma, khansa ya anabere.

Abambo opitirira zaka 50 amene mkodzo ukutuluka mofooka, kapena akudzuka kangapo usiku kukakodza, nthawi zambiri ndi prostate, kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo, imene ikungokula ndi ukalamba, osati khansa. Komabe chosiyanitsa ndi kuyezedwa, makamaka ngati msana ndi chiuno zayamba kuwawa mosalekeza.

Ana ali ndi zawo. Nsagwada kapena mimba yotupa mofulumira m'masabata ochepa, kadontho koyera kowala pakati pa diso, kuyera manja, kutuluka magazi m'nkhama ndi kutentha thupi kobwerezabwereza, izi n'zothamangira. Khansa zambiri za ana zimakula msanga, koma zimamvanso mankhwala kwambiri: m'mayiko amene chithandizo chimapezeka mokwanira, ana oposa 80 mwa 100 amachira.

Chachiwiri: gulani kope, kenako pitani kuchipatala

Kope lingaoneke ngati chinthu chachabechabe, koma palibe chida china chimene chingakuthandizeni ngati limeneli. Pa tsamba loyamba lembani tsiku limene munayamba kuona vutolo, mmene lasinthira, makilogalamu amene mwataya ngati mukuwadziwa, mankhwala onse amene mukumwa, ndi achibale amene anadwalapo khansa, mtundu wake ndi zaka zimene anali nazo. Mukalowa mwa dokotala yambani ndi chimene chikukuopsani. Ambiri amayamba ndi mutu ndi kutopa, za magaziwo n'kudzazitchula ataimirira kale kuti azituluka. Nenani kuti, "Adokotala, ndakhala ndikutuluka magazi ndikatha kugonana kwa miyezi iwiri." Manyazi asiyeni pakhomo, iwowo amamva zotere tsiku ndi tsiku.

Mukapatsidwa mankhwala n'kuwamaliza koma vuto lilipobe, bwererani ndipo mukanene kuti aka n'kachiwiri. Miyezi yambiri imatayikira pamenepa: munthu akungosinthiridwa maantibayotiki, kapena akumwa mankhwala a TB pamene makhololo sanaonetse TB ndipo sakupezako bwino. Si mwano kufunsa kuti, "Kodi n'zotheka kuti ndi khansa? Pali kuyeza kwina kumene ndingachite?" Paja safunsa anadya phula.

Chachitatu: kuyezedwa, ndi chifukwa chake biopsy siyenera kukanidwa

Dokotala ayamba ndi maso ndi manja, kenako magazi ndi zithunzi. X-ray imaona mapapo ndi mafupa. Sikani ya ultrasound imaona m'mimba ndi m'bere, ndipo imasiyanitsa chotupa chamadzi ndi cholimba. Mammogram ndi X-ray ya bere, imapanikiza kwa masekondi ochepa. CT ndi MRI zimaonetsa thupi mozama. Kummero ndi m'matumbo amalowetsako kapaipi kopindika kokhala ndi kamera. Magazi nawo amathandiza, koma paokha sagamula: PSA, imene amayeza m'magazi pofufuza khansa ya prostate, imatha kukwera chifukwa cha matenda a m'njira ya mkodzo kapena kukula wamba kwa prostate, ndipo anthu ambiri a khansa magazi awo amaoneka abwinobwino.

Chimene chimatsimikiza nthawi zambiri ndi biopsy, kutanthauza kutenga kanyama kochepa ka chotupacho kuti katswiri wa kulabu akakaone pa maikulosikopu. Pa chotupa cha m'bere, amabaya mankhwala ochititsa dzanzi, n'kulowetsa singano yokulirapo. Mumamva kaphokoso ngati ka sitepula katatu kapena kanayi, amamata pulasitala, mukupita kwanu. Pali mphekesera yakuti chotupa chikakhudzidwa ndi chitsulo chimalusa n'kufalikira. Chimene chimachitika n'chakuti ambiri amavomera biopsy matenda atapita kale patali, ndiye akafooka anthu amaloza singano. Popanda biopsy dokotala sangadziwe mtundu wa khansa, ndipo mankhwala a mtundu wina sagwira pa unzake.

Musanachoke, lembani m'kope zinthu zitatu: tsiku la biopsy, nambala imene yalembedwa pa kabotolo, ndi kumene mudzatengere zotsatira. Zimatenga masiku angapo, nthawi zina masabata. Tsiku likakwana musadikire kuimbiridwa foni, ndipo kukhala chete kwa achipatala musakutenge ngati uthenga wakuti zonse zili bwino. Kafunseni.

Chachinayi: tsiku lomva zotsatira

Musapite nokha. Mawu akuti khansa akangomveka, makutu amatseka, zonse zonenedwa pambuyo pake zimangodutsa. Tengani munthu wodekha mtima, kope likhale m'manja mwake. Musatuluke m'chipindamo musanayankhidwe mafunso atatu awa.

Dzina lake lenileni ndi chiyani? Mawu akuti "khansa ya m'mawere" okha sakwanira. Funsani ngati anayeza ER, PR ndi HER2, zizindikiro zopezeka m'maselo a chotupacho, chifukwa izi ndi zimene zimanena ngati mankhwala a mahomoni kapena ena otchedwa trastuzumab angakuthandizeni. Dziwaninso kuti khansa imatchedwa ndi dzina la kumene inayambira. Ya m'bere ikafika m'mafupa imakhalabe ya m'bere, ndipo imachizidwa ngati ya m'bere.

Ili pa siteji yanji? Siteji 1 ndiye kuti ndi yaing'ono, ikadali pamene inayambira. Siteji 2 ndi 3 yakula kapena yafika mu anabere apafupi. Siteji 4 yafika ku ziwalo zakutali monga chiwindi, mapapo kapena mafupa. Pa pepala mwina muona zilembo T, N ndi M: T ndi kukula kwa chotupa, N ndi anabere, M ndi kufalikira kutali. Siteji 4 sikuti ndi chigamulo chofanana kwa onse. Khansa ya machende ndi mitundu ina ya lymphoma imachizika ngakhale itafalikira, ndipo khansa zina zimagwiridwa kwa zaka ndi mankhwala.

Cholinga cha chithandizo ndi chiyani? Kuchiza kuti ithe, kuigwira kuti isakule, kapena kuchepetsa mavuto kuti mukhale momasuka? Funso limeneli ndi limene anthu amalithawa, achibale ena mpaka kunong'oneza dokotala kuti wodwala asauzidwe. Ine ndimaona kuti kubisa kumamulanda munthu mpata wosankha za thupi lake ndi za banja lake. Angathe kusankha yekha kuti asamve zonse, koma kusankhako kukhale kwake.

Ngati mukufuna kudzabereka, litchuleni lero, chithandizo chisanayambe, chifukwa mankhwala ena amawononga mazira ndi umuna. Pemphaninso kope la zotsatira za kulabu ndi za masikani, ndipo mulijambule pafoni.

Chachisanu: chithandizo

Kawirikawiri njira zimaphatikizidwa, ndipo ndondomeko yake ili ndi chifukwa. Opaleshoni imachotsa chotupa pamodzi ndi mnofu wozungulira, nthawi zina ndi anabere omwe. Mukauzidwa kuti muyambe ndi kemo, mankhwala opha maselo a khansa, opaleshoni idzabwere pambuyo, sikuti akuzengereza, akufuna chotupacho chiyambe chafota. Mukauzidwa kuti mulandire kemo chotupa chitachotsedwa kale, n'chifukwa cha maselo osaoneka ndi maso amene mwina anatsalira.

Kemo imaperekedwa m'magawo, kawirikawiri masabata 3 alionse, kudzera mu diripi kapena mapiritsi. Tsiku lililonse la kemo limayamba ndi kuyeza magazi, ndipo akakhala otsika amakubwezani kuti mudikire masiku angapo. Diripi ikamayenda mukamva kuwotcha kapena kuona kutupa pamene pali singano, itanani namwino nthawi yomweyo, chifukwa mankhwala ena akatayikira kunja kwa mtsempha amawononga mnofu. Kemo imagunda maselo ochulukana msanga, ndiye pamodzi ndi khansa imakhudzanso tsitsi, m'kamwa, m'matumbo ndi m'mafuta a m'mafupa momwe mumapangidwa magazi. Apo ndi pamene pamachokera nseru, zilonda za m'kamwa, kutopa ndi kuthothoka tsitsi. Si mankhwala onse amathothola tsitsi, ndipo likathothoka limameranso. Mankhwala oletsa kusanza imwani monga mwauzidwira, osadikira kuti nseru iyambe. Idyani pang'onopang'ono koma pafupipafupi, imwani madzi ambiri, tsukani m'kamwa ndi mswachi wofewa. Pa nthawi yonseyi pewani kutenga kapena kupereka mimba.

Radiotherapy, chithandizo chopha maselo a khansa ndi cheza, anthu amaitchula kuti kuwotcha, ndipo dzina limeneli lathawitsa ambiri. Palibe moto. Mumagona pabedi lolimba, makina amazungulira osakukhudzani, simumva kanthu, ngati mmene zimakhalira pojambulitsa X-ray. Nthawi yambiri imathera pokugonekani bwino, cheza chenichenicho ndi cha mphindi zochepa. Amakulembani timadontho pakhungu kuti tsiku lililonse aziloza pomwepo, ndiye musatifute. Zimachitika Lolemba mpaka Lachisanu kwa masabata angapo. Khungu la pamalopo limada kapena kuyabwa, musalikande kapena kudzolapo chilichonse musanafunse. Cheza chochokera ku makina akunja sichitsalira m'thupi, mukhoza kunyamula mwana madzulo ake. Pa khansa ya khomo la chiberekero imene yakula, radiotherapy imayendera limodzi ndi kemo yotchedwa cisplatin sabata iliyonse, kenako cheza china chimaperekedwa kuchokera m'kati, ndipo zonse zimayenera kutha m'masabata 8. Tsiku lililonse lojomba limapatsa khansa mpata wophukanso.

Palinso mankhwala a mahomoni. Tamoxifen ndi piritsi la tsiku ndi tsiku kwa zaka 5 mpaka 10 pa khansa ya m'mawere yodalira mahomoni, ndipo khansa ya prostate imagwiridwa ndi jakisoni wotsitsa testosterone, homoni ya abambo. Mankhwala ena amalunjika pa vuto lenileni la selo, monga imatinib amene anasintha kwambiri moyo wa odwala khansa ya m'magazi yotchedwa CML, pamene ena amadzutsa chitetezo cha thupi kuti chimenyane ndi khansa. Amene muli pa ma ARV musasiye. Pa Kaposi sarcoma, ma ARV ndi mbali ya chithandizo chenichenicho.

Chiyeso chachikulu chimabwera pakati pa ulendo. Mwalandira magawo atatu mwa 6, chotupa sichikumvekanso, thupi latopa, ndiye mtima umati basi ndachira. Linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Khansa yosiyidwa pakati ikabwerera imakhala yovuta kuposa poyamba. Ngati chikukulepheretsani ndi nseru, ndalama kapena ulendo, auzeni achipatala musanajombe, chifukwa mlingo ukhoza kusinthidwa ndipo mankhwala a nseru alipo amitundu ingapo. Za mankhwala azitsamba ndi owonjezera mphamvu, musabise. Ena amalemetsa chiwindi ndi impso zomwe zikulimbana kale ndi kemo, ena amafooketsa mphamvu ya kemoyo. Bwerani nawo m'botolo lake muwaonetse.

Chachisanu ndi chimodzi: zizindikiro zosadikira kucha

Pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 mutalandira kemo, maselo oyera a m'magazi amakhala atatsikiratu, ndipo matenda aang'ono angathe kupha m'maola ochepa. Khalani ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi pafupi ndi bedi. Kakafika pa 38, kapena mukamanjenjemera ndi kuzizidwa, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku. Musayambe mwamwa paracetamol kuti muone ngati kutsike, chifukwa amangobisa vutolo. Pofika nenani mawu oyamba kuti muli pa kemo ndi tsiku limene munalandira komaliza.

Thamangiraninso mukaona magazi osaleka, kupuma movutikira, mwendo umodzi wotupa ndi kupweteka, kusanza kapena kutsegula m'mimba kosalola ngakhale madzi kukhazikika, kapena kusokonezeka mutu. China chimene ambiri sachidziwa ndi msana wowawa kwambiri limodzi ndi miyendo yofooka kapena yadzanzi, kapena kulephera kugwira mkodzo ndi chimbudzi. Apo mwina chotupa chikupanikiza mtsempha waukulu wa msana, ndipo kuti munthu adzayendenso zimadalira maola.

Chachisanu ndi chiwiri: ululu si wopirira

Chithandizo chochepetsa ululu ndi mavuto ena si cha masiku omaliza okha, chikhoza kuyamba tsiku lomwe khansa yapezeka. Dokotala akafunsa, perekani nambala kuyambira 0 mpaka 10, ndipo nenani ngati ululuwo ukubaya, ukuwotcha kapena ukuphwanya, chifukwa ululu wa m'mitsempha ndi wa m'mafupa uli ndi mankhwala osiyana. Ululu waukulu umafuna morphine. Morphine wamadzi amamwedwa maola 4 alionse motsatira wotchi, osati ululu ukabwera. Kupatsidwa morphine sikutanthauza kuti achipatala akutayani, ndipo womwedwa pa mlingo woyenera safupikitsa moyo. Vuto lake lodziwika ndi kudzimbidwa, choncho pemphani mankhwala ofewetsa chimbudzi tsiku loyamba lomwelo. Kusowa tulo, mantha ndi kukhumudwa zitchuleninso, nazo zili ndi chithandizo.

Mukamaliza

Adzakupatsani masiku obwerera, kawirikawiri miyezi 3 mpaka 6 iliyonse m'zaka zoyambirira, kenako motalikirana. Chachilendo chikaoneka pakati, musadikire tsiku lolembedwa. Amene muli pa tamoxifen, magazi achilendo otuluka kumaliseche kapena mwendo wotupa n'zokanena msanga. Ngati anakuchotsani anabere m'khwapa, samalani mkono umenewo ku mabala, ndipo ukayamba kulemera kapena kutupa kauonetseni usanafike poipa. Fodya musiyiretu, mowa muuchepetse kapena kuuleka.

Khansa zochokera kumtundu ndi zochepa, pafupifupi 5 mpaka 10 mwa 100. Koma ngati inakupezani muli wamng'ono, kapena achibale angapo anadwala ya m'mawere, ya m'thumba la mazira kapena ya m'matumbo, funsani dokotala zaka zimene abale anu ndi ana anu ayenera kuyamba kuyezedwa, ndipo mukawauze.

Pa tsamba lomaliza la kope lija pemphani dokotala kapena namwino akulembereni chidule: dzina la khansa, siteji, tsiku la opaleshoni, mayina a mankhwala a kemo ndi magawo amene munalandira, ndi mbali ya thupi imene inalandira cheza. Mankhwala ena, monga doxorubicin, ali ndi malire a mlingo umene mtima ungapirire pa moyo wonse, ndipo dokotala amene mudzakumane naye zaka 10 zikubwerazo adzafunsa kuti munalandira wochuluka bwanji.